Mmene mungadziwire ndi kuchepetsera zolaula m'magemu a akuluakulu musanawalowetse m'nyumba

Gemu ikalembedwa kuti ndi ya anthu a zaka 17 kapena 18 kupita m'tsogolo, ambiri amangoganiza za mfuti, magazi ndi kutukwana, pomwe nambala yomweyo imaphimbanso umaliseche ndi zogonana, zomwe makolo ambiri amazizindikira mwana atafika kale pakati pa gemuyo. Chovuta chake n'chakuti magemu awiri akhoza kukhala ndi chizindikiro chimodzimodzi pachikuto koma n'kusiyana kutalitali m'kati mwake. Doom ya mu 2016 ndi The Witcher 3 ya mu 2015 onse anapatsidwa chilembo M, cha zaka 17, ku America, koma yoyambayo ndi yongolimbana ndi ziwanda basi, pamene yachiwiriyo ili ndi anthu ovula ndiponso zochitika za kuchipinda zomwe wosewera amazionera bwinobwino. Malangizo awa ndi a kholo, a mkulu amene amagulira abale ake aang'ono magemu, a mwini malo osewereramo magemu, komanso a munthu wamkulu amene akungofuna kudziwa ngati gemu yomwe akugula ndi yathunthu kapena inadulidwa mbali zina. Zolinga za anthu amenewa n'zosiyana, koma ndondomeko yofufuzira ndi imodzi.

Choyamba, dziwani bungwe lomwe laika chizindikirocho

Palibe bungwe limodzi lounika magemu a dziko lonse lapansi, choncho musanakhulupirire nambala iliyonse, yang'anani pangodya ya m'munsi ya chikuto kuti muone mwini chizindikirocho. Mukaona kabokosi kakuda ndi koyera kokhala ndi chilembo chachikulu, disikiyo inapangidwira msika wa ku America ndi Canada, ndipo bungwe lake ndi ESRB, lomwe linakhazikitsidwa mu 1994 aphungu a nyumba ya Senate atapanikiza makampani a magemu mu 1993 pa nkhani ya Mortal Kombat ndi Night Trap. Kumeneko T ndi wa zaka 13, M ndi wa zaka 17, ndipo AO ndi wa akuluakulu okhaokha a zaka 18. Mukaona nambala m'kabokosi ka mtundu, imeneyo ndi PEGI ya ku Ulaya, yomwe inayamba mu 2003: 3 ndi 7 zimakhala zobiriwira, 12 ndi 16 zachikasu chopita ku lalanje, 18 yofiira. Disiki yochokera ku Joni nthawi zambiri imakhala ndi chizindikiro cha bungwe la Film and Publication Board, ndipo ya ku Japan imakhala ndi zilembo za CERO, kuyambira A, B, C, D mpaka Z, yomwe ndi ya zaka 18.

Pali mfundo imodzi yokhudza chilembo AO yomwe imamasulira zambiri. Makampani a Sony, Microsoft ndi Nintendo salola magemu a AO pa makina awo, ndipo masitolo akuluakulu a ku America sawagulitsa. Chifukwa cha zimenezi, kampani iliyonse yofuna kupeza phindu imayesetsa kudula pang'ono apa ndi apo kuti gemu yake itsike n'kukwanira mu M. Zotsatira zake n'zakuti gulu la M ndi lotakasuka kwambiri, moti muli magemu opanda ngakhale kupsompsonana komwe, komanso muli ena omwe anatsala pang'onong'ono kugwera mu AO. Nambala payokha singakuuzeni kuti gemu yanu ili mbali iti.

Chachiwiri, tembenuzani chikuto muwerenge timawu ta kumbuyo

Apa ndi pomwe pagona ntchito yaikulu, ndipo ndi pomwe anthu ambiri amadumpha. Kumbuyo kwa chikuto cha ESRB, pafupi ndi chilembo chija, pamakhala mndandanda wa mawu achingerezi ofotokoza zomwe zili m'gemumo, ndipo mawu okhudza zogonana anasanjidwa mwa makwerero. Mawu akuti "Suggestive Themes" ndi opepuka kwambiri, amanena za zovala zothina kapena nthabwala zokuluwika. "Sexual Themes" amatanthauza kuti nkhani za kugonana zimatchulidwa, pamene "Sexual Content" amatanthauza kuti zimaonetsedwa ndithu koma mosafika poyera. Mukaona "Strong Sexual Content", dziwani kuti zogonanazo zimaonetsedwa momveka bwino kapena zimabwera kawirikawiri. Umaliseche uli ndi mawu akeake: "Partial Nudity" ndi wa pang'ono kapena wa kanthawi kochepa, "Nudity" ndi woonekera bwino kapena wotenga nthawi. Palinso "Sexual Violence", omwe amachenjeza za kugwirira ndi nkhanza zina za mtundu umenewo, ndi "Mature Humor", omwe nthawi zambiri amakhala nthabwala za anthu akuluakulu.

Tengani Grand Theft Auto V, gemu ya mu 2013 yomwe achinyamata ambiri amaikonda chifukwa choyendetsa magalimoto momasuka mumzinda waukulu. Kumbuyo kwa chikuto chake cha ku America kuli "Nudity", "Strong Sexual Content" ndi "Mature Humor", kuwonjezera pa chiwawa, kutukwana, mowa ndi mankhwala osokoneza bongo. Mawu amenewa akuimira zinthu zenizeni: mumzindamo muli malo ovinira akazi ovula omwe wosewera angalowemo, ndipo usiku wosewera akhoza kuimitsa galimoto n'kutenga mkazi woyendayenda. Kholo lomwe langoona mwana akuthamangitsa galimoto kwa mphindi zochepa silingadziwe zimenezi, chifukwa nthawi zambiri sizibwera zokha pa sikirini, zimadikira kuti wosewera azifunefune.

PEGI imagwiritsa ntchito tizithunzi m'malo mwa mawu. Chibakera ndi chiwawa, kangaude ndi zoopsa, jakisoni ndi mankhwala osokoneza bongo, ndipo zizindikiro za mwamuna ndi mkazi zolumikizana ndizo zogonana. Tanthauzo la kachithunzi komalizaka limasintha malinga ndi nambala yomwe kayenda nayo: pa 12 ndi mawu okuluwika kapena kavinidwe kodzutsa chilakolako, pa 16 ndi umaliseche kapena kugonana kosaonetsa ziwalo zobisika, pa 18 ndi zoonetsa poyera. Chenjezo lake n'lakuti tizithunzi ta PEGI timaonetsa zifukwa zazikulu zomwe zachititsa kuti gemu ipatsidwe nambalayo, osati chilichonse chomwe chilimo. Gemu yomwe yafika pa 18 chifukwa cha chiwawa ikhoza kukhala ndi zogonana za mlingo wotsikirapo popanda kachithunzi kake kuoneka pachikuto. M'maganizo anga, pa nkhani imeneyi mawu a ESRB ndi othandiza kuposa tizithunzi ta PEGI, ndipo ngakhale disiki yanu ikhale ya ku Ulaya, ndi bwino kukaonanso zomwe ESRB inalemba. Pa chizindikiro cha ku South Africa yang'anani zilembo S ya zogonana, N ya umaliseche ndi SV ya nkhanza zogonana.

Chachitatu, werengani chidule cha bungwelo pa intaneti

Sitepe imeneyi ndi yachidule ndipo sidya bandulo yambiri. Tsegulani tsamba la esrb.org, lembani dzina la gemu m'kabokosi kofufuzira, kenako yang'anani gawo lotchedwa "Rating Summary". Pa magemu ambiri ogulitsidwa pa disiki, bungweli limalemba ndime imodzi kapena ziwiri zofotokoza mosabisa zomwe ounika anaona, monga ziwalo zomwe zimaonekera, mawu omwe amamveka, ndiponso ngati wosewera amatengapo mbali pa chochitikacho kapena amangoonerera. Tsamba la pegi.info limachitanso chimodzimodzi. Onetsetsani kuti mwasankha dzina lenileni ndi makina oyenera, popeza magemu a dzina limodzi amasiyana: God of War ya mu 2005 inali ndi kachigawo kogonana komwe wosewera amadina mabatani, pamene God of War ya mu 2018 ilibe zoterozo ngakhale nayonso ili ndi chilembo M.

Magemu a pafoni amafunika kusamala kwina. Pa Google Play ndi m'masitolo ena a pa intaneti, nambala ya zaka imachokera ku dongosolo la IARC, momwe wopanga gemu amayankha yekha mafunso ndipo kompyuta imatulutsa nambalayo. Mabungwe amatha kuikonza pambuyo pake akapeza kuti ndi yolakwika, koma poyamba imadalira kukhulupirika kwa wopangayo. Pachifukwa chimenechi werenganinso ndemanga za anthu omwe anaisewera kale, makamaka omwe anaipatsa nyenyezi zochepa, chifukwa ndi omwe amakonda kutchula zotsatsa malonda zolaula zomwe zimatulukira pakati pa gemu ya ana.

Chachinayi, fufuzani kuti kope lanu ndi la dziko liti

Gemu ya dzina limodzi ikhoza kukhala ndi mitundu iwiri kapena itatu, ndipo chikuto sichinena kuti yadulidwa. Kuti mumvetse chifukwa chake, muyenera kudziwa amene amagwira lumo. Woyamba ndi bungwe la dzikolo. Ku Australia kunalibe gulu la zaka 18 la magemu mpaka pa 1 January 2013, moti gemu iliyonse yopitirira mlingo wa zaka 15 inkakanidwa kapena kudulidwa. Ngakhale gulu la R18+ litabwera, Saints Row IV inakanidwabe m'chaka chomwecho chifukwa cha chida china chomwe ounika anachiona ngati nkhanza zogonana komanso chifukwa cha nkhani ya mankhwala osokoneza bongo, ndipo inaloledwa itakonzedwa. Ku Japan, malamulo a CERO salola kuonetsa ziwalo zobisika ngakhale pa chilembo Z, n'chifukwa chake makope a ku Japan a The Witcher 3, Cyberpunk 2077 ndi Baldur's Gate 3 pa makina a PlayStation ali ndi umaliseche wophimbidwa. Makope opangidwira mayiko a ku Middle East nawonso amakonda kukhala odulidwa, zomwe ndi zofunika kukumbukira ngati katundu wanu wadzera ku Dubai. Singapore inaletsa Mass Effect kwa kanthawi kochepa mu 2007 chifukwa cha chochitika cha chikondi pakati pa mkazi ndi cholengedwa china chooneka ngati mkazi, kenako inailola kwa a zaka 18.

Wachiwiri wogwira lumo ndi kampani yofalitsa gemuyo, yomwe nthawi zina imadula yokha bungwe lisanalamule. Chitsanzo chodziwika ndi South Park: The Stick of Truth ya mu 2014, yomwe kope lake la ku Ulaya la pa PlayStation ndi Xbox linachotsedwa zigawo zingapo, ndipo m'malo mwake pamabwera chithunzi cha chiboliboli chitagwira kumaso, pamodzi ndi mawu ofotokoza monyoza zomwe zachotsedwazo. Ku Australia anaikapo chithunzi cha kanyama ka koala kakulira. Opanga gemuyo anafuna kuti wogula adziwe kuti wamanidwa china chake, koma makampani ambiri sachita zimenezo, amangodula mwakachetechete.

Wachitatu ndi mwini makina. Cha m'ma 2018 Sony inakhwimitsa malamulo akeake pa zogonana, makamaka m'magemu ojambulidwa mwa kalembedwe ka ku Japan, moti panapezeka magemu omwe pa PlayStation 4 anali ophimbidwa koma pa kompyuta kapena pa Nintendo Switch ali momwe analili. Wachinayi ndi wachilendo: makampani oyendetsa ndalama za makhadi. Mu July 2025 kampani ya Valve inachotsa magemu ena olaula pa Steam, sitolo yake ya pa intaneti ya magemu a pa kompyuta, ndipo inawonjezera lamulo loletsa zinthu zosemphana ndi mfundo za makampani olipirira, pamene tsamba lina logulitsa magemu la itch.io linabisa magemu a akuluakulu pa zotsatira za kufufuza. Izi zinachitika gulu la ku Australia lotchedwa Collective Shout litalembera makampani monga Visa ndi Mastercard. Palibe nyumba ya malamulo yomwe inavota pa nkhaniyo, ndipo n'chifukwa chake inautsa mkangano waukulu ngakhale pakati pa anthu omwe sakonda magemu oterowo.

Pochita zenizeni, chizindikiro chomwe munapeza pa sitepe yoyamba ndicho chikuuzani dziko la disikiyo. Ngati mukugula pa intaneti, chomwe chimalamula ndi dziko lomwe munasankha potsegula akaunti, ndipo pa PlayStation dziko limeneli silisinthika akaunti ikatsegulidwa. Mukadziwa dzikolo, lembani pa Google dzina la gemu, dzina la dziko ndi liwu lakuti "censored", ndipo mupeza ngati pali kusiyana. Munthu wamkulu wofuna kope lathunthu asankhe la ku America kapena la ku Ulaya, atatsimikiza kaye monga tafotokozera. Kholo lisaganize kuti kope lodulidwa lasanduka la ana, pakuti chomwe amachotsa nthawi zambiri ndi masekondi ochepa a umaliseche, pomwe nkhani yonse, chiwawa ndi kutukwana zimatsala momwemo.

Chachisanu, kumbukirani zomwe chizindikiro sichiona

Nkhani yomwe inasintha kaunikidwe ka magemu ndi ya Grand Theft Auto: San Andreas, yomwe inatuluka mu 2004 pa PlayStation 2 ili ndi chilembo M. Opanga ake a Rockstar Games anali atakonza kachigawo kogonana komwe wosewera amawongolera, kenako anakatseka kuti kasaoneke, koma sanakachotse pa disiki. Mu June 2005, kope la pa kompyuta litatuluka, katswiri wina wa ku Netherlands dzina lake Patrick Wildenborg anatulutsa kapulogalamu kotchedwa Hot Coffee komwe kanatsegula chitseko chimenecho. Poyamba kampaniyo inaloza chala anthu osokoneza mapulogalamu, koma zinadziwika kuti kachigawoko kanalinso pa madisiki a PlayStation 2 ndi Xbox. Pa 20 July 2005 ESRB inasintha chizindikiro kukhala AO, masitolo akuluakulu anachotsa gemuyo pa mashelefu, Australia inailanda chilolezo, ndipo Hillary Clinton, yemwe panthawiyo anali seneta ku America, anapempha FTC, bungwe la boma loteteza ogula, kuti lifufuze. Rockstar inatulutsa kope lachiwiri lopanda kachigawoko, lomwe linabwerera mu M. Chaka chotsatira The Elder Scrolls IV: Oblivion inakwezedwa kuchoka pa T kupita pa M, mbali ina chifukwa cha chithunzi cha chifuwa cha mkazi chomwe chinali chotsekeredwa m'mafayilo a kope la pa kompyuta.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo pa magemu nyererezo zimalowa m'njira zitatu zomwe bungwe lililonse silingaziletse. Yoyamba ndi timapulogalamu tosinthira gemu, tomwe osewera amati ma mod. Pa kompyuta, munthu akhoza kutsitsa kafayilo kochotsa zovala za anthu a m'gemu yomwe inalibe umaliseche n'komwe. Kuti muone ngati zoterezi zilipo, tsegulani chikwatu chomwe gemuyo inaikidwa muyang'ane chikwatu china chotchedwa "mods", komanso onani ngati pa kompyutapo pali mapulogalamu oyendetsera ma mod monga Vortex kapena Mod Organizer. Kukhalapo kwake si umboni wa choipa, chifukwa ma mod ambiri amangokonza maonekedwe kapena kuwonjezera magalimoto, koma mayina a mafayilowo amaulula ntchito yake.

Njira yachiwiri ndi magemu okopera. Gemu yomwe yabwera pa fulashi, pa memori khadi kapena yotumizirana pafoni ilibe chikuto, ilibe chizindikiro, ndipo wokupatsaniyo kawirikawiri sadziwa amene anaikonza komaliza. Makope a San Andreas oyenda m'njira imeneyi amakhala osinthidwasinthidwa, ena abwinobwino, ena ayi. Ngati simungathe kupeza kope lochokera ku sitolo yovomerezeka, isewereni nokha kaye musanaipereke kwa mwana, ndipo musangoyang'ana poyambira pokha.

Njira yachitatu ndi anthu ena pa intaneti. ESRB imanena yokha kuti siunika zomwe osewera amachitirana akalumikizana, ndipo mawu akuti "Users Interact" pachikuto ndi chenjezo la zimenezo. Gemu ya ana yokhala ndi macheza a mawu kapena malo omangidwa ndi osewera anzawo ikhoza kufikitsa mwana pa zolaula kapena kwa munthu wa zolinga zoipa mofulumira kuposa disiki ya M yosewera yekha. Ndikadafunsidwa chomwe chiyenera kutsekedwa poyamba kwa mwana wosafika zaka 13, ndikadati macheza ndi anthu osawadziwa.

Chachisanu ndi chimodzi, yang'anani zophimbira za m'gemu momwemo

Magemu ena atsopano ali ndi batani lophimbira umaliseche. Mu Cyberpunk 2077 limatchedwa "Nudity Censor" ndipo limapezeka m'gawo la "Settings". Baldur's Gate 3 ya mu 2023 nayo ili ndi zosankha zobisa umaliseche. Mabataniwa ndi othandiza kwa munthu wamkulu amene amasewera pabalaza pomwe anthu amadutsadutsa, kapena amene amaulutsa masewera ake pa Twitch ndi YouTube, koma ali ndi malire awiri. Amaphimba thupi lokha osachotsa nkhani, moti macheza ndi zochitika za chikondi zimakhalapobe, ndipo alibe nambala yachinsinsi, choncho aliyense wogwira chowongolera akhoza kuwazimitsa. Magemu ambiri, kuphatikizapo Grand Theft Auto V, alibe batani lotero.

Chachisanu ndi chiwiri, tsekani makina enieniwo

Lamulo lalikulu pano ndi lakuti mwana akhale ndi akaunti yakeyake yokhala ndi tsiku lake lenileni lobadwa, ndipo akaunti yanu ikhale ndi nambala yachinsinsi yomwe iye saidziwa. Mabanja ambiri amagwiritsa ntchito akaunti imodzi ya munthu wamkulu, ndipo zikatero zotchinga zambiri sizigwira ntchito.

Pa PlayStation 5, pitani ku "Settings", kenako "Family and Parental Controls", ndipo musankhe "Family Management" kuti muwonjezere mwanayo. Makinawo akupatsani milingo yokonzeratu ya mwana wamng'ono, wachinyamata wocheperapo ndi wachinyamata wamkulu, komanso mwayi wosankha nokha zaka za magemu ololedwa, macheza, ndalama zogwiritsa ntchito ndi nthawi yosewera. Mukamaliza, musatuluke musanalowe mu "PS5 Console Restrictions". Nambala yachinsinsi ya gawo limeneli imabwera ili 0000 kuchokera ku fakitale, ndipo ana amaidziwa bwino, choncho isintheni nthawi yomweyo. M'gawo lomweli letsani kutsegula akaunti yatsopano ndi kulowa ngati mlendo, apo ayi mwana adzangopanga dzina lina lopanda zoletsa. PlayStation 4 ili ndi dongosolo lofanana, ndipo nambala yake yoyambira ndi 0000 yomweyo. Pa Xbox, ntchitoyi imaphweka ndi pulogalamu ya pafoni yotchedwa Xbox Family Settings, ndipo Nintendo Switch ili ndi yake yotchedwa Nintendo Switch Parental Controls, yomwe imaonetsanso magemu omwe aseweredwa ndi nthawi yomwe atenga.

Dziwani kuti makinawa amatseka potengera nambala ya zaka, osati mtundu wa zomwe zili m'gemu. Simungawauze kuti alole nkhondo koma akane umaliseche. Ngati mwaunika gemu ina ya M n'kuona kuti mwana wanu wa zaka 16 akhoza kuisewera, njira yabwino ndi kusiya chotchinga chili chokhwima n'kulola gemu imodziyo payokha, m'malo mokweza mlingo wonse. PlayStation 5 imalola mwana kutumiza pempho la gemu yotsekedwa, ndipo inu mumalivomera kapena kulikana.

Steam ndi yosiyana ndi onsewa, chifukwa kuyambira mu 2018 Valve inalola magemu olaula kotheratu kugulitsidwa pa sitolo yake, ndipo magemu ambiri kumeneko alibe chizindikiro cha ESRB kapena PEGI. Dinani dzina la akaunti pamwamba kumanja, sankhani "Store Preferences", ndipo muona timabokosi tisanu ta zinthu za akuluakulu. Chotsani chizindikiro pa "Adult Only Sexual Content" ndi pa "Frequent Nudity or Sexual Content", ndipo ngati wogwiritsa ntchito ndi mwana chotsaninso pa "Some Nudity or Sexual Content". Izi zimangobisa magemuwo mu sitolo, ndipo mwini akaunti akhoza kuzibwezeretsa. Chotchinga cholimba ndi Steam Families, yomwe inayamba kugwira ntchito kwa onse mu 2024, momwe kholo limasankha magemu amodziamodzi omwe akaunti ya mwana ingatsegule ndiponso kutseka sitolo ndi macheza.

Pafoni ya Android, tsegulani Google Play, dinani chithunzi cha akaunti, pitani ku "Settings", "Family", kenako "Parental controls", muike nambala yachinsinsi ndi mlingo wa zaka. Chotchinga chimenechi chimagwira pa zotsitsa za mu Google Play zokha, ndipo sichichotsa magemu omwe alimo kale kapena kuletsa ma APK, mafayilo oikira mapulogalamu omwe anthu amatumizirana. Kuti mutseke khomo limenelo, gwiritsani ntchito Family Link, pulogalamu ya Google yothandiza makolo, yomwe imatha kuletsa kuika mapulogalamu ochokera kwina.

Chomaliza, yesani nokha zomwe mwatseka

Tulukani mu akaunti yanu, lowani ya mwanayo, ndipo yesani kutsegula gemu ya 18, kufufuza ina mu sitolo ndi kutumiza uthenga kwa munthu wachilendo. Ngati china mwa izi chatheka, bwererani mukakonze. Muuzeninso mwanayo zomwe mwatseka ndi chifukwa chake, m'mawu oyenera msinkhu wake, popeza adzazindikirabe, ndipo wachinyamata amene wapeza chotchinga chobisika amathamangira kukasewera kwa mnzake komwe inu simuona.

Eni malo osewereramo magemu ali ndi vuto lina, chifukwa makina amodzi amagwiritsidwa ntchito ndi ana a sukulu masana ndi akuluakulu madzulo. Njira yosavuta ndi kukhala ndi maakaunti awiri pa makina aliwonse, ina ya mpira ndi mipikisano ya magalimoto yomwe imakhala yotsegula nthawi zonse, ina yokhala ndi nambala yachinsinsi yomwe woyang'anira yekha amaitsegula. Pa makina akale monga PlayStation 2 yoyendera fulashi palibe maakaunti oterowo, choncho magemu a akuluakulu akhale pa fulashi yawoyawo yosungidwa m'kabati.

Ngati makinawo mwagula kwa munthu wina, monga zimakhalira kawirikawiri, musawapereke kwa ana musanayang'ane mndandanda wa magemu omwe alimo kale, zithunzi ndi mavidiyo omwe mwini wakale anajambula posewera, komanso maakaunti omwe anasiya. Wogulitsa amatha kunena kuti magemu odzaziratuwo ndi bonasi, koma ali pa akaunti ya munthu wamkulu yemwe simukumudziwa, ndipo zoletsa zanu siziikhudza. Mufunseni nambala yachinsinsi ya makinawo musanalipire, lembani mayina a magemu omwe mukufuna kudzawapezanso, kenako bwezeretsani makinawo momwe anachokera ku fakitale ndi kutsegula maakaunti anuanu kuyambira pachiyambi.